Kuphunzitsa mwana kuwerenga pakhomo: kholo la ku Kasinje lisankhe njira iti?

Mu Januwale 2025 boma la America lidaimitsa thandizo lomwe limapereka kumaiko ena, ndipo pofika mu Malichi nduna yake yoona za ubale ndi maiko ena, Marco Rubio, idalengeza kuti ntchito 83 mwa 100 zilizonse za bungwe la USAID zathetsedwa. Kuno ku Malawi nkhawa yaikulu idali pa mankhwala otalikitsa moyo ndi a malungo, ndipo m'pomveka. Koma bungwe lomweli ndi lomwe linkachirikiza ndondomeko ya boma yophunzitsa ana kuwerenga ya National Reading Programme kuyambira mu 2016. Ndalama zake ndi zomwe zidathandiza kusindikiza mabuku a Chichewa ndi Chingerezi a Sitandade 1 mpaka 4 komanso kusula aphunzitsi a makalasi amenewa m'dziko lonse.

Buku la mwana wa Sitandade 1 silikhalitsa. Limang'ambika, limanyowa ndi mvula, limadyedwa ndi chiswe, ndipo pakatha zaka zochepa limafunika lina. Mwini thumba akachoka, funso la yemwe agule mabuku atsopano limatsalira boma lomwe lili kale ndi mavuto a zachuma. Kumadera monga Kasinje, m'chigwa cha Bwanje m'boma la Ntcheu, funsoli limafika pakhomo mwachangu. Kholo likaona kuti mwana watha chaka chathunthu akupita kusukulu koma sangathe kuwerenga dzina la sopo pa pepala lokutira, limayamba kuganiza zomuphunzitsa lokha madzulo. Apa m'pomwe pamabuka funso lomwe makolo a kumaiko olemera amalimbana nalo akamasankha mabuku ophunzitsira ana kunyumba: ayambire pa buku liti, m'chiyankhulo chiti, ndipo potsata njira iti?

Kukula kwa vutoli

Nkhawa ya makolo ili ndi maziko. Kafukufuku woyesa luso la kuwerenga yemwe adachitika m'dziko muno mu 2010 adapeza kuti ana oposa 70 mwa 100 alionse a Sitandade 2 sankatha kuwerenga ngakhale liwu limodzi la kankhani kachidule ka m'Chichewa. Patadutsa zaka khumi, kafukufuku wa MICS wa 2019 mpaka 2020, yemwe ofesi ya National Statistical Office idachita mothandizidwa ndi UNICEF, adaonetsa kuti mwa ana 100 alionse a zaka 7 mpaka 14, ndi 19 okha omwe adali ndi luso loyambira la kuwerenga ndi kumvetsa zomwe awerenga.

Zifukwa zake ndi zodziwika. Boma la Bakili Muluzi litachotsa fizi ya kupulaimale mu 1994, chiwerengero cha ana chidakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, ndipo kuyambira pamenepo makalasi, aphunzitsi ndi mabuku sizidakwanirepo. Boma limafuna kuti mphunzitsi mmodzi aziyang'anira ana 60, koma m'makalasi oyambirira si zachilendo kupeza ana oposa 100. Mphunzitsi wotere, ngakhale akhale wakhama chotani, sangamve mwana aliyense akuwerenga payekha tsiku lililonse. Mwana wamanyazi yemwe amakhala kumbuyo amangoyasamula pakamwa potsatira anzake akamaimba mawu a pabolodi, ndipo chaka chimatha wina osazindikira kuti sakusiyanitsa "b" ndi "d". Chaka ndi chaka, pafupifupi mwana mmodzi mwa anayi alionse a kupulaimale amabwereza kalasi.

Ku Kasinje palinso masiku omwe amatayika. M'nyengo ya dzinja mitsinje yotsika m'mapiri a Ntcheu kulowera kuchigwa imadzaza, ndipo kholo lanzeru silingalole mwana wa zaka 6 kuwoloka. Malungo amadya masiku ena, njala ya mu Januwale ndi Febuluwale imadya ena. Dziko lonse lidaonanso mu 2020 zomwe zimachitika sukulu zikatsekedwa: kuyambira pa 23 Malichi chaka chimenecho ana adakhala pakhomo miyezi yoposa isanu chifukwa cha Covid-19, ndipo amene adapitiriza kuphunzira ndi okhawo omwe adali ndi wina wowathandiza kunyumba.

Zomwe lamulo likunena

Kumaiko ena, kuphunzitsa mwana pakhomo kumatanthauza kumuchotseratu kusukulu. Ku America mabanja ambiri amatero, ndipo pali makampani omwe ntchito yawo ndi kugulitsa mabuku kwa makolo otere. Ku South Africa lamulo limalola, koma kholo limayenera kulembetsa mwanayo kuboma.

Kuno zinthu ndi zosiyana. Lamulo la maphunziro la 2013 limati maphunziro a kupulaimale m'sukulu za boma ndi aulere komanso okakamiza kwa mwana aliyense wosakwana zaka 18. Njira yopita kusekondale ya boma imadzera pa mayeso a Sitandade 8 omwe bungwe la MANEB limalembetsa potsata silabasi yomwe imakonzedwa ku Malawi Institute of Education ku Domasi. Banja la ku Kasinje lomwe lingachotse mwana kusukulu kuti lizimuphunzitsa lokha lingamutsekere khomo limeneli, komanso lingamumane anzake, masewero ndi maphunziro ena omwe kholo silingakwanitse.

Choncho sukulu ya pakhomo yomwe ili ndi tanthauzo kwa Mmalawi wakumudzi ndi ya mitundu iwiri. Woyamba ndi wa mwana wa zaka 4 kapena 5 yemwe sanafike msinkhu woyamba Sitandade 1, makamaka komwe kulibe sukulu ya mkombaphala kapena komwe alezi ake, omwe ambiri amagwira ntchito mongodzipereka, alibe zipangizo. Wachiwiri ndi wa mwana yemwe ali kale pasukulu koma akufunika mphindi 20 kapena 30 madzulo ndi munthu womumvetsera akuwerenga. M'mitundu yonse iwiri, zomwe kholo lasankha ziyenera kuyenda limodzi ndi zomwe mwana akukumana nazo kapena adzakumane nazo m'kalasi.

Njira zomwe zilipo

Njira yoyamba, yomwe imakopa makolo omwe ali ndi kangachepe, ndi ya mabuku a Chingerezi ochokera kunja. Sukulu zambiri za mkaka zomwe si zaboma zimanyadira njira monga Jolly Phonics ya ku Britain, ndipo sukulu zina za mipingo zimagwiritsa ntchito mabuku a ku America monga a Accelerated Christian Education. M'misika mumapezekanso matchati a zithunzi omwe amayamba ndi apozi pa lembo la "a". Mabuku enieni a njirazi adakonzedwa mwaluso, koma adakonzedwera mwana yemwe amayankhula kale Chingerezi. Mtengo wake nawo udakwera kwambiri ndalama ya kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 komanso 44 peresenti mu Novembala 2023.

Njira yachiwiri ndi ya mabuku a boma a National Reading Programme. Awa amaphunzitsa mwana kumva maliwu, kuzindikira malembo, kuphatikiza malembo kukhala maphatikizo, kenako mawu ndi ziganizo. Ubwino wake ndi woti mwana sasokonezeka, poti zomwe amva kunyumba ndi zomwe amvanso kwa aphunzitsi. Vuto ndi loti mabukuwa ndi a sukulu, ndipo komwe ndi ochepa, aphunzitsi aakulu amaopa kuwabwereketsa kuti angasowe.

Njira yachitatu ili m'mitu ya agogo ndi makolo omwe adaphunzira kale. Amene adayamba sukulu m'nthawi ya Kamuzu Banda amakumbukira buku la Sosa, lomwe linkayamba ndi a, e, i, o, u, kenako ba, be, bi, bo, bu, mpaka mwana atatha kulumikiza yekha. Njira ya maphatikizoyi ndi yakale kuposa bukulo. Sukulu za mishoni, zomwe m'boma la Ntcheu zidayambira malo monga Gowa komanso Nzama komwe ansembe a chipani cha Montfort adafika mu 1901, zidaphunzitsa anthu ambiri kuwerenga m'chiyankhulo chawo ndi zipangizo zochepa kwambiri. M'zaka zapakatipa njira zina zidabwera zomwe zinkatsindika zoti mwana aziloweza maonekedwe a liwu lathunthu, koma ndondomeko ya 2016 idabwezeretsa maliwu ndi maphatikizo pamalo oyamba. Izi zikutanthauza kuti gogo yemwe amakumbukira Sosa sali kutali ndi zomwe mdzukulu wake akuphunzira lero.

Njira yachinayi ndi ya makina. Kuyambira mu Sepitembala 2023 boma lidayamba ntchito ya BEFIT, yomwe ikupereka matabuleti otchajidwa ndi dzuwa m'sukulu zapulaimale, kuyambira ndi sukulu 500, ndi cholinga chofikira sukulu zonse zaboma. Maphunziro a m'matabuletiwa adakonzedwa ndi bungwe la onebillion la ku Britain ndipo a kuwerenga ali m'Chichewa. Koma matabuletiwa amakhala kusukulu. Pakhomo, chomwe chingapezeke ndi foni ya kholo, ndipo kwa amene ali ndi foni yolowa pa intaneti, tsamba la African Storybook lili ndi timabuku ta nthano ta m'Chichewa taulere. Wailesi nayo idagwirapo ntchito imeneyi kudzera m'pologalamu ya Tikwere pa MBC komanso maphunziro a pawailesi a nthawi ya Covid-19.

Nkhani yagona pa chiyankhulo

Pa njira zinayizi, kusankha kwenikweni ndi kwa chiyankhulo. Makolo ambiri amafuna Chingerezi msanga, ndipo sakulakwa kuchifuna. Mayeso a Sitandade 8 amalembedwa m'Chingerezi kupatula phunziro la Chichewa. Wolephera Chingerezi pa mayeso a MSCE salandira satifiketi. Ntchito zambiri zolembedwa zimafuna Chingerezi. Boma lenilenilo lakhala likusinthasintha maganizo: mu 1968 Chichewa chidakhala chiyankhulo cha dziko, mu 1996 unduna udalamula kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira m'chiyankhulo cha kwawo, ndipo lamulo la 2013 lidati chiyankhulo chophunzitsira ndi Chingerezi. Mu 2014 nduna ya zamaphunziro ya nthawiyo, Lucius Kanyumba, idalengeza kuti Chingerezi chiyambira Sitandade 1. M'makalasi akumudzi, komabe, aphunzitsi amapitiriza kufotokoza m'Chichewa chifukwa ndi chomwe ana amamva.

Funso loti kuyamba ndi Chingerezi kumathandiza mwana kuchidziwa bwino lidayesedwapo, ndipo lidayesedwera kuno komwe. M'zaka za m'ma 1990, katswiri wa ku Britain, Eddie Williams, adayerekeza ana a ku Malawi ndi a ku Zambia. Nthawi imeneyo Zambia inkaphunzitsa m'Chingerezi kuyambira kalasi yoyamba, pomwe Malawi inkaphunzitsa m'Chichewa zaka zinayi zoyambirira. Zotsatira zomwe zidasindikizidwa mu 1998 zidaonetsa kuti pofika chaka chachisanu, ana a maiko awiriwa sankasiyana kwenikweni pa kuwerenga Chingerezi, koma ana a ku Malawi ankawerenga Chichewa bwino kwambiri kuposa momwe anzawo a ku Zambia ankawerengera Chinyanja. Zaka zinayi za Chingerezi chokhachokha sizidawapindulire kanthu ana a ku Zambia, ndipo zidawamana luso lowerenga chiyankhulo chawo. Patapita nthawi dzikolo lidayamba kuphunzitsa ana kuwerenga m'ziyankhulo zakwawo kaye.

Chifukwa chake chili m'kalembedwe ka ziyankhulo ziwirizi. Chichewa chili ndi malembo a liwu asanu, ndipo lililonse limamveka chimodzimodzi paliponse pomwe lapezeka. Lembo la "a" m'mawu oti "ana" ndi lomwelo m'mawu oti "madzi" ndi "nsomba". M'Chingerezi lembo lomwelo limamveka mosiyana m'mawu a cat, cake, car ndi call. Kafukufuku yemwe Philip Seymour ndi anzake adatulutsa mu 2003, poyerekeza ana a m'maiko a ku Ulaya, adapeza kuti ana oyankhula Chingerezi chobadwa nacho amatenga nthawi yoposa kawiri kuti adziwe kuwerenga mawu osavuta poyerekeza ndi ana a ziyankhulo zomwe zimalembedwa monga momwe zimamvekera. Ngati mwana wa ku Scotland amavutika chotero ndi chiyankhulo cha amayi ake, mwana wa ku Kasinje yemwe wapatsidwa buku la Chingerezi ngati buku lake loyamba wasenzetsedwa mitolo iwiri nthawi imodzi: kuphunzira momwe malembo amagwirira ntchito, komanso kuphunzira chiyankhulo chomwe sachimva.

Zotsatira zake zimaoneka m'makomo ambiri. Mwana amatha kuimba malembo onse a Chingerezi kuyambira A mpaka Z, amatha kutchula mitundu ndi masiku a pasabata, alendo n'kuomba m'manja, koma akapatsidwa liwu lomwe sadalionepo amangoti kakasi. Wotereyu waloweza, sanaphunzire kuwerenga. Mwana yemwe wayamba ndi Chichewa akaphatikiza "mbu" ndi "zi" amamva liwu lomwe akulidziwa, amaona mbuzi m'maganizo mwake, ndipo amadziwa yekha kuti wakhoza. Akalakwitsa amadzikonza yekha chifukwa khutu limamuuza kuti liwu lotero kulibe. Luso lozindikira kuti malembo amaimira maliwu munthu amaliphunzira kamodzi kokha pa moyo wake, ndipo akalidziwa m'Chichewa amapita nalo ku Chingerezi.

Kasinje ali ndi mwayi womwe madera ena alibe. Angoni a ku Ntcheu amayankhula Chichewa pakhomo, choncho chiyankhulo cha m'buku la Sitandade 1 ndi chomwe mwana amamva pamtondo ndi pachitsime, kupatula kusiyana pang'ono kwa katchulidwe ndi mawu ena. Mwana wa ku Chitipa kapena wa m'midzi ina ya ku Mangochi alibe mwayi umenewu. Kholo la ku Kasinje lomwe lasiya Chichewa n'kuthamangira buku la Chingerezi likutaya chuma chomwe lili nacho kale m'manja.

Zoyang'ana posankha buku

Buku kapena ndondomeko yabwino yoyambira imadziwika ndi zinthu zingapo, ndipo kholo silifunika satifiketi ya uphunzitsi kuti lizione.

Choyamba ndi dongosolo. Buku labwino limabweretsa malembo pang'onopang'ono, kuyamba ndi omwe amapezeka kawirikawiri, ndipo silipatsa mwana liwu lokhala ndi lembo lomwe sanaphunzire. Ndi malembo asanu ndi limodzi okha, a, i, u, n, m ndi k, mwana angathe kuwerenga "ana", "inu", "amama", "kumana", ngakhalenso chiganizo chonse choti "Amama akukana". Mwana yemwe wawerenga chiganizo chathunthu m'sabata zake zoyambirira amalimba mtima. Buku lomwe tsamba lake loyamba lili ndi ndime yaitali pansi pa chithunzi chokongola ndi loti munthu wamkulu amuwerengere mwana, osati loyambira kuphunzira.

Chachiwiri ndi liwu la lembo. Pophunzitsa Chichewa, mwana adziwe kaye momwe lembo limamvekera asanadziwe dzina lake la Chingerezi. Amene waphunzitsidwa kuti lembo la "i" ndi "ayi" ndipo la "e" ndi "ii" amasokonezeka akafika pa mawu monga "ine".

Chachitatu ndi maphatikizo ovuta, omwe ndiwo amagwetsa ana ambiri a Sitandade 2. Ba, be, bi savuta. Ntchito ili pa mph, nth, nkh, tch, dz, ps ndi ng'. Buku labwino limapatula nthawi yosiyanitsa "pala" ndi "phala", "kola" ndi "khola". Mwana wa kwa Angoni amadziwa bwino kuti ngoma ndi gule wa makolo ake pomwe ng'oma ndi yoimba, ndipo chitsanzo chimenechi chokha chingamuphunzitse ntchito ya kachizindikiro ka pamwamba pa "ng'" kuposa malamulo aatali.

Chachinayi ndi kulemba. Mwana azilemba lembo lililonse lomwe waphunzira tsiku lomwelo. Kope ndi pensulo zikasowa, pansi posesedwa bwino ndi kamtengo zimakwana, monganso khala pa katoni yakale. Zitsekerero za mabotolo zolembedwa maphatikizo zimalola mwana kusuntha "ma" ndi "no" n'kuona "mano" akubadwa m'manja mwake.

Chachisanu ndi nkhani zoti awerenge akangodziwa kuphatikiza. Apa m'pomwe dziko lili ndi njala yeniyeni, chifukwa kafukufuku wa MICS adapezanso kuti ndi mwana pafupifupi mmodzi yekha mwa 100 alionse osakwana zaka 5 yemwe ali ndi mabuku a ana atatu kapena kuposerapo pakhomo. Bungwe la National Library Service lidasindikizapo timabuku ta ana ta Werengani, ndipo nyumba zosindikiza mabuku monga Montfort Media ku Balaka, CLAIM ndi Dzuka zatulutsapo mabuku a m'Chichewa. Koma ngakhale m'nyumba yopanda zonsezi mumapezeka Buku Lopatulika kapena Buku Loyera, buku la nyimbo, kalendala, buku la kusikelo ndi mauthenga a pafoni. Kholo lingathenso kulemba nthano yachidule m'kope, ya ziganizo zisanu, yonena za mbuzi ya pakhomopo kapena ulendo wa kumsika, ndipo mwana amaikonda chifukwa akudziwa eni nkhaniyo.

Kholo lomwe silidziwa kuwerenga

Kalembera wa 2018 adaonetsa kuti pafupifupi anthu atatu mwa khumi alionse a zaka 5 kupita m'tsogolo sadziwa kulemba ndi kuwerenga, ndipo kumudzi chiwerengerochi ndi chokwererapo. Zingaoneke ngati makolo otere alibe gawo pa nkhaniyi, koma kuwerenga kuli ndi miyendo iwiri. Wina ndi kuphatikiza malembo, wina ndi kumvetsa chiyankhulo. Mwana yemwe amaphatikiza bwino koma ali ndi mawu ochepa m'mutu amawerenga ngati wailesi, osatolapo kanthu.

Mwendo wachiwiriwu umakula ndi kucheza. Gogo yemwe amayamba nthano madzulo ana n'kumavomera kuti "tili tonse" akuphunzitsa mwana kutsata nkhani kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto, kukumbukira yemwe adachita chakuti, komanso kulosera zomwe Kalulu achite. Zilape zimanola maganizo. Miyambi imaphunzitsa kuti mawu angathe kunena china n'kutanthauza china. Mayi yemwe amafunsa mwana kuti afotokoze zomwe waona kudimba, n'kumufunsanso chifukwa chake, akuchita zomwe mabuku odula a kunja amalangiza makolo. Chosowa m'makomo ambiri ndi chizolowezi cholola mwana kuyankhula ndi kufunsa, poti mwambo umayamikira mwana wachete pamaso pa akulu.

Mbali ya malembo ingagwiridwe ndi mkulu wake wa Sitandade 6, msuweni wa kusekondale kapena mnansi. Kholo losadziwa kuwerenga lingathe kukhazikitsa nthawi, kuzimitsa wailesi, kukhala pambali n'kumamvetsera. Khutu lake limadziwa Chichewa, choncho mwana akawerenga chiganizo chopanda mutu, kholo limamva ndipo lingamuuze kuti abwereze. Ena mwa makolo otere amapezeka aphunzira limodzi ndi mwanayo, zomwe sukulu za kwacha zakhala zikufuna kwa zaka zambiri.

Malo a Chingerezi

Kuyamba ndi Chichewa sikutanthauza kutsekera Chingerezi kunja. Mwana angayambe kuchimva adakali wamng'ono kudzera m'moni, maina a zinthu za m'nyumba, malangizo achidule ndi masewero, popanda kumukakamiza kuchiwerenga. Akafika poti akuwerenga kankhani ka Chichewa mosadodoma n'kufotokoza zomwe wawerenga, ndiye kuti wakonzeka kuona momwe malembo omwewo amasinthira mawu m'Chingerezi. Apa m'pomwe mabuku a maliwu a Chingerezi amakhala ndi phindu, chifukwa mwana akudziwa kale ntchito ya malembo ndipo ali ndi mawu angapo a Chingerezi m'khutu.

Nthawi yoopsa ndi Sitandade 5, pomwe mabuku a maphunziro onse, kupatula phunziro la Chichewa, amakhala m'Chingerezi. Mwana yemwe wafika pamenepo asanadziwe kuwerenga m'chiyankhulo chilichonse amangokopera za pabolodi, amabwereza kalasi, ndipo ambiri otere amasiyira panjira. Mtsikana amakathera kubanja, mnyamata kumaganyu kapena kukabaza. Amene wafika akuwerenga Chichewa bwino amavutikabe ndi Chingerezi, koma ali ndi pogwira.

Zomwe sukulu ndi boma zingachite

Kholo silingasenze lokha katundu yemwe ndi wa boma. Kuchoka kwa thandizo la America kukufuna kuti ndalama zosindikizira mabuku a makalasi oyambirira zizipezeka mu bajeti ya dziko chaka ndi chaka, osadikira wopereka wina. Aphungu a Nyumba ya Malamulo a m'boma la Ntcheu ali ndi mpata wofunsa unduna kuti ndi ana angati omwe akugawana buku limodzi m'sukulu za m'madera awo.

Pali zina zomwe sizifuna ndalama zambiri. Unduna ndi Malawi Institute of Education angathe kutulutsa kapepala ka masamba awiri kosonyeza dongosolo la malembo ndi maphatikizo a teremu iliyonse, kuti kholo lidziwe pomwe kalasi yafika. Makomiti a sukulu, mabungwe a makolo ndi aphunzitsi komanso magulu a amayi angagwirizane ndi aphunzitsi aakulu njira yobwereketsa mabuku Lachisanu n'kubweza Lolemba, mafumu n'kukhala mboni. Buku lomwe lang'ambika m'manja mwa mwana lagwira ntchito yake kuposa lomwe lasungidwa bwino m'kabati ya ofesi. Mipingo ndi mizikiti, yomwe imasonkhanitsa ana sabata iliyonse, ingapatule theka la ola loti ana okulirapo aziwerengera ang'onoang'ono.

Kwa kholo la ku Kasinje lomwe lili ndi ndalama yochepa yoti ligwiritse ntchito pa maphunziro a mwana wa zaka 5 kapena 6, kope, pensulo ndi kabuku kamodzi ka nthano za m'Chichewa zingapindule kuposa tchati cha zithunzi za zipatso zomwe mwanayo sadazionepo. Ulendo umodzi wokaonana ndi mphunzitsi wa Sitandade 1 kukafunsa malembo omwe akuphunzitsa mwezi umenewo ndi waulere. Akuluakulu adati m'mera mpoyamba. Chizindikiro choti mbewu yamera sichivuta kuchiona: tsiku lina mwana adzaima pamsika kapena m'mbali mwa msewu wopita ku Kandeu, n'kuwerenga yekha chikwangwani chomwe palibe adamuwerengerapo.